Ntchito ya a Stephen Long pa photosynthesis: zimene zatsimikizika m'munda ndi zimene zikadali pamayeso

aNaphiri:
Moni nonse a pagulu pano. Sabata ino tikambirane za ntchito ya a Stephen Long, katswiri wa zomera wobadwira ku England amene anaphunzitsa ku Essex, kenako n'kusamukira ku University of Illinois ku America mu 1999. Anthu ambiri anamva dzina lawo mu 2022, nkhani itafala yoti soya wosinthidwa majini atatu wabereka kuposa mnzake ndi 33 peresenti. Ndili ndi mafunso awiri. Tikachotsa zimene manyuzipepala anakokomeza, n'chiyani chenicheni chimene bambowa anasintha pa sayansi ya mbewu? Nanga 33 peresenti ija tiikhulupirire mpaka pati? Amene mukudziwa manambala tiikireni chonde, tisamangoti "akuti, akuti".

aMwale:
Zikomo aNaphiri. Tiyambe ndi masamu, chifukwa ntchito yawo yonse yatsamira pamenepo. Zokolola za pa hekitala zimachokera ku zinthu zinayi zochulukitsana: kuwala kwa dzuwa kumene kwagwa pamundapo nyengo yonse, gawo la kuwalako limene masamba akola, gawo la kuwala kokoledwako limene lasanduka thupi la mbewu, ndi gawo la thupilo limene lapita ku njere kapena ku mizu yodyedwa. Kawerengedwe kameneka n'ka John Monteith, ka m'zaka za m'ma 1970. Akatswiri opanga mitundu yatsopano ya mbewu anakweza kale chachiwiri ndi chachinayi. Soya ndi tirigu wamakono amakola kuwala kofika 80 mpaka 90 peresenti, ndipo theka la kulemera kwake, mwinanso kuposerapo, limapita ku njere. Mpata wokwezera pamenepo watsala wochepa, popeza njere zimafuna phesi loti lizinyamule. Chimene sichinasunthe kwenikweni ndi chachitatu chija, chimene chimadalira photosynthesis, njira imene tsamba limapangira shuga pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa.

Mu 2008 a Long, a Xin-Guang Zhu ndi a Donald Ort anawerengera kumene mphamvu ya dzuwa imatayikira. Tinene kuti pamunda pagwa magawo 1,000 a mphamvu. Oposa theka ndi kuwala kwa mtundu umene tsamba siligwiritsa ntchito n'komwe, ndiye amatsala 487. Kuwala kwina kumabwerera m'mwamba kapena kupyola tsamba, n'kutsala 438. Mphamvu ina imasanduka kutentha mkati mwa chlorophyll, chobiriwitsa masamba chija, n'kutsala 372. Popanga shuga m'pamene pamatayika yochuluka zedi: mbewu za C3 zimatsala ndi 126. Photorespiration imadya pafupifupi theka la amenewa, n'kusiya 65, ndipo kupuma kwa mbewu kumasiya 46. Choncho malire a mbewu za C3 ndi 4.6 peresenti, a mbewu za C4 ndi 6 peresenti, pa kutentha kwa madigiri 30 ndi carbon dioxide wa 380 ppm (magawo 380 pa miliyoni imodzi ya mpweya). M'munda weniweni, tikatenga nyengo yonse, mbewu zambiri sizifika ngakhale theka la malirewo.

Kwa ine phindu lalikulu la ntchito yawo lili apa. Kale anthu ankanena kuti photosynthesis ndi yokhwima kale, chilengedwe chinaimaliza, siingakwezedwe. Iwo anasonyeza pobowoka paliponse ndi kukula kwa bowolo, kenako n'kuika ndondomeko yonseyo mu kompyuta kuti aone puloteni imene ikaonjezedwa ingapindulitse.

aNabanda:
aMwale, ena pagulu pano ndi alangizi a zaulimi amene anasiya mabuku kalekale. Wina atifotokozere mwachidule C3, C4 ndi photorespiration tisanapite patali.

aChisale:
Ndiyesere, aNabanda. Puloteni imene imagwira carbon dioxide m'tsamba ndi Rubisco. Ili ndi zofooka ziwiri. Ndi yochedwa, imagwira pafupifupi katatu pa sekondi, n'chifukwa chake mbewu imaipanga yambiri, mpaka kuthera gawo lalikulu la nayitrojeni wa m'tsamba pa puloteni imodzi yomweyi. Chachiwiri, imasokoneza carbon dioxide ndi okosijeni. Pa madigiri 25, pafupifupi kamodzi pa kanayi kapena kasanu kalikonse imagwira okosijeni, ndipo chotuluka chake ndi phosphoglycolate, chinthu chowononga chimene tsamba liyenera kuchikonzanso. Kukonzako kumadutsa m'zipinda zitatu za selo, chloroplast, peroxisome ndi mitochondria, kumadya mphamvu, ndipo kumataya kaboni mmodzi pa anayi alionse olowamo. Imeneyo ndiyo photorespiration. Kukatentha vutoli limakula, chifukwa Rubisco imasiyanitsa mipweya iwiriyi movutikira kwambiri, komanso carbon dioxide amachepa m'madzi a m'selo msanga kuposa okosijeni.

Soya, khobwe, chinangwa, mpunga, tirigu, mtedza, nyemba ndi fodya zonse ndi C3. Chimanga, mapira, mawere ndi nzimbe ndi C4: zimayamba zagwira carbon dioxide ndi puloteni ina ya PEP carboxylase, n'kumupopera m'maselo amkati ozungulira mitsempha ya tsamba, mmene Rubisco imakhala itazunguliridwa ndi carbon dioxide wochuluka. Kumeneko photorespiration imatsala pang'ono kutheratu. Kusiyana kumeneku tikukumbukire, chifukwa njira zina zimene tikambe pano sizikhudza chimanga.

aPhiri:
Ndisanalole kuti tithamangire ku majini, pali ntchito imene ine ndimaiona yolemera kuposa ya soya wa 2022, ndipo ndi ya FACE, njira yoonjezera carbon dioxide pa mbewu m'munda wapoyera. Funso linali lakuti: carbon dioxide wa mumlengalenga wachoka pa 280 ppm mafakitale asanayambe, lero wapitirira 420, kodi mbewu zipindula bwanji? Mayankho akale ankachokera m'ma greenhouse ndi m'timakola ta pulasitiki, ndipo ankalonjeza zokolola zochuluka.

Mu 2001 gulu la a Long linatsegula munda woyesera wa SoyFACE pafupi ndi mzinda wa Champaign ku Illinois. Mmene zimachitikira ndi motere. M'munda wamba wa soya kapena chimanga amaika mapaipi mozungulira, mbali zisanu ndi zitatu, mamita pafupifupi 20 kuchoka mbali ina kufika inzake. Mapaipiwo ali ndi timabowo ting'onoting'ono ndipo amawakweza mbewu zikamakula kuti azikhala pamwamba pang'ono pa masamba. Pakati pali chipangizo choyeza carbon dioxide ndi china choyeza kumene mphepo ikuchokera ndi liwiro lake. Kompyuta imatsegula mavavu a mbali yochokera mphepo, mphepoyo n'kumwaza mpweya pa mbewu kuti pakati pakhale pafupifupi 550 ppm. Palibe denga, palibe khoma. Mvula, tizilombo, dothi ndi dzuwa n'zofanana ndi za munda woyandikana nawo.

Mu 2006 anafalitsa m'magazini ya Science kuti phindu lopezeka m'minda ya FACE ndi pafupifupi theka la limene timakola tinkaonetsa. Tirigu anakwera ndi 13 peresenti, soya ndi 14, ndipo chimanga sichinakwere m'chaka cha mvula yokwanira. Akatswiri ena owerengera zokolola pa kompyuta anatsutsa kukula kwa kusiyanako, komabe kuyambira pamenepo aliyense wolosera za chakudya cham'tsogolo amayenera kuyang'ana manambala a FACE. Zifukwa zimene timakola timanamizira n'zodziwika: mkati mumafunda ndiponso mumachita chinyontho kuposa panja, mphepo siwomba mofanana, mbewu za m'mphepete zimalandira kuwala kwa m'mbali, ndipo mbewu zikakhala zochepa pafupifupi zonse zimakhala za m'mphepete.

Pa SoyFACE pomwepo, kafukufuku wa zaka zisanu ndi zitatu wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti chilala chikakula phindu la carbon dioxide pa soya limatsika mpaka kutheratu. Mbewu imakula masamba ambiri kumayambiriro, n'kumwa madzi a m'dothi msanga, ndipo tiboowo ta pa tsamba timatseka mofulumira dothi likayamba kuuma. Anapezanso kuti mpweya wa ozone wa pafupi ndi nthaka umadula zokolola za soya kwambiri. Munthu amene anaphunzitsa anzake kuti zotsatira za m'kakhola si za m'munda ayenera kuyezedwa ndi muyezo womwewo pa soya wake.

aMwale:
Kuonjezera pa za aPhiri: minda ya FACE ya m'mayiko angapo, SoyFACE ili m'gulu lomwelo, ndiyo inapereka manambala a kafukufuku wa mu 2014 wotsogoleredwa ndi a Samuel Myers. Anapeza kuti pa carbon dioxide wa pafupifupi 550 ppm tirigu amatsika zinki ndi 9 peresenti, ayironi ndi 5, puloteni ndi 6. Mpunga ndi soya nazonso zinatsika zinki ndi ayironi, pamene mbewu za C4 sizinasinthe kwenikweni. Thumba likhoza kulemera chakudya chake chitachepa mphamvu, ndiye poyeza mbewu zatsopanozi tiziyeza ndi zam'kati mwa njere zomwe.

aNyirenda:
Tsopano tilowe pa funso lachiwiri la aNaphiri. Masana dzuwa likaswa mtengo, tsamba limalandira kuwala koposa kumene lingagwiritse ntchito. Mphamvu yotsalayo ikapanda kotulukira imawononga photosystem II, gulu la mapuloteni okola kuwala m'tsamba. Tsamba limadziteteza posandutsa mphamvuyo kukhala kutentha, ndipo chitetezo chimenechi ndi chimene amati NPQ. Chimayamba mkati mwa thylakoid, timatumba ta mu chloroplast, mukachuluka asidi. Puloteni ya PsbS imamva asidiyo, ndipo puloteni ya VDE imasandutsa utoto wa violaxanthin kukhala zeaxanthin, umene umathandiza kutaya mphamvuyo. Vuto lili pozimitsa. Mtambo ukaphimba dzuwa, kapena tsamba lam'mwamba likaponya mthunzi pa lam'munsi, chitetezocho chimatenga mphindi zingapo, gawo lina mpaka theka la ola, kuti chitsike, chifukwa puloteni ya ZEP imene imabweza zeaxanthin ndi yochedwa. Nthawi yonseyo tsamba likutaya kuwala kumene likukusowa. M'munda wotseka, tsamba lam'munsi limalowa ndi kutuluka mumthunzi kambirimbiri patsiku. Mu 2004 a Zhu ndi a Long anawerengera kuti kuchedwa kumeneku kumatayitsa pakati pa 13 ndi 30 peresenti ya kaboni amene munda ukanagwira patsiku.

Anadikira zaka 12 kuti aziyese m'dothi. Ndalama zinabwera mu 2012, pamene Gates Foundation inapereka madola 25 miliyoni kuyambitsa RIPE, polojekiti yofufuza njira zokwezera photosynthesis mu mbewu, a Long n'kukhala mtsogoleri wake. Mu 2017 panabweranso madola 45 miliyoni, boma la Britain ndi bungwe la FFAR la ku America, lothandiza kafukufuku wa zaulimi, atalowamo. A Johannes Kromdijk ndi a Katarzyna Głowacka, mogwirizana ndi gulu la a Krishna Niyogi la ku Berkeley, anatenga majini atatu a VDE, PsbS ndi ZEP ku kachomera ka Arabidopsis n'kuwaika mu fodya. Anaika onse atatu mwadala. ZEP yokha ikanathamangitsa kuzimitsa koma n'kufooketsa chitetezo masana, ndiye VDE ndi PsbS zinaonjezedwa kuti kuyatsa kusatsalire. Zotsatira za mu 2016: fodya wouma analemera kuposa mnzake ndi 14 mpaka 20 peresenti m'munda.

Anasankha fodya chifukwa amalandira majini mosavuta, amabereka njere zambirimbiri pa chomera chimodzi, ndipo masamba ake amatseka mizere ngati mbewu yeniyeni. Soya anatsatira, motsogoleredwa ndi a Amanda De Souza, pa mtundu wa Maverick. Pa mizere isanu ndi itatu ya soya wosinthidwa, kutanthauza mabanja osinthidwa paokhapaokha, isanu inabereka kwambiri m'munda wa mu 2020, pakatikati pake 24.5 peresenti, wapamwamba kwambiri 33. Puloteni ndi mafuta a m'njere sizinasinthe.

aChisale:
aNyirenda mwafotokoza bwino, koma mwaima pa 2020. Chaka chotsatira, 2021, mayeso omwewo sanaonetse phindu. Olembawo ananena okha kuti mphepo yamkuntho inagwetsa soya, masamba am'mwamba n'kugonera am'munsi, moti am'munsiwo anakhala mumthunzi wokhazikika ndipo kusinthasintha kwa kuwala kumene majiniwo amathandizira kunachepa. Kufotokozako n'komveka. Komabe zotsalira m'manja mwathu ndi chaka chimodzi chabwino, malo amodzi, timinda tating'ono, mtundu umodzi wa soya umene suli pakati pa obereka kwambiri masiku ano. Ndipo 33 ija ndi ya mzere umodzi wopambana. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Soya ameneyu akadali pachala.

Palinso zomera zina. Majini atatu omwewa ataonjezedwa mu Arabidopsis ndi gulu la a Dario Leister ku Munich mu 2020, NPQ inkazima msanga monga ankayembekezera, koma chomera chinakula mochepa. Mu mbatata ya kachewere, ku Germany komweko, zokolola sizinakwere. Zikuoneka kuti chofunika ndi kuchuluka kwa mapuloteni atatuwa poyerekezana. PsbS ndi VDE zikachulukitsa, tsamba limataya kuwala ngakhale pamene silikuopsezedwa. Ngakhale mu soya, mizere imene inapanga mapuloteniwa kwambiri siinali yobereka kwambiri nthawi zonse.

Mu 2023 gulu la akatswiri a mbewu linalemba m'magazini ya Nature kuchenjeza za malonjezo a mtundu umenewu. Anakumbutsa kuti kampani ina yaikulu ya mbewu inayesa majini oposa 1,600 mu chimanga, ndipo pafupifupi 1 pa 100 okha ndi amene anaonetsa phindu lobwerezeka, nalonso la maperesenti ochepa. Zimene anapempha n'zimene aliyense woyesa mbewu amadziwa: mtundu wobereka bwino wa masiku ano, kubzala motalikirana monga amachitira alimi, mizere ya m'mphepete yosawerengedwa, malo ambiri, zaka zingapo, ndi kuwerengera zokolola pa hekitala osati pa chomera. Kamunda ka mizere yochepa kamapusitsa chifukwa chomera chokula msanga pang'ono chimalanda dzuwa la oyandikana nacho, phindu lake n'kuoneka lalikulu pamene lina labedwa kwa mnzake.

Ndiye yankho langa kwa aNaphiri: kuti NPQ ingafulumizidwe ndipo tsamba lingagwire kaboni wambiri m'kuwala kosinthasintha, zatsimikizika. Kuti mlimi adzakolola 33 peresenti yoonjezera, ayi, sizinatsimikizike.

aNabanda:
Ndinamvanso kuti a Thomas Sinclair, katswiri wina wa mbewu, ndi anzawo anatsutsa zotsatira za soya uja ponena za nayitrojeni. Mfundo yake ndi yotani?

aNyirenda:
Mfundo yake ndi yolimba ndithu. Njere ya soya youma ili ndi puloteni pafupifupi 40 peresenti. Tikagawa ndi 6.25 tipeza nayitrojeni wa 6.4 peresenti, kutanthauza makilogalamu oposa 60 pa tani imodzi ya njere, osawerengera wa m'masamba ndi m'phesi. Munda wa matani atatu ukati ukwere ndi kotala, pafunika makilogalamu ena pafupifupi 48 a nayitrojeni pa hekitala. Shuga yekha sangapange puloteni. Otsutsawo amati chimene chimaletsa mbewu kubereka nthawi zambiri ndi nayitrojeni ndi madzi, osati kaboni.

Yankho la mbali ya a Long limachokera ku FACE komwe. Atampatsa soya carbon dioxide wambiri, photosynthesis inakwera, zokolola zinakwera, ndipo nayitrojeni wa m'njere sanatsike kwenikweni, chifukwa shuga woonjezerayo anapita kumizu kukadyetsa mabakiteriya a rhizobium, iwo n'kugwira nayitrojeni wambiri wa mumpweya. Izi zimagwira ntchito kwa soya ndi khobwe, bola timatuza ta kumizu tikhale tamoyo, tofiirira mkati tikadulidwa, dothi likhale ndi fosifolasi wokwanira ndipo lisakhale la asidi wambiri. Kwa mpunga, tirigu ndi chinangwa njira imeneyi palibe, nayitrojeni woonjezerayo ayenera kuchokera m'dothi kapena m'thumba la feteleza.

aMbewe:
Pali mbali ina ya ntchito yawo imene simveka m'nkhani koma imagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku: kayezedwe. Malangizo amene a Long ndi a Carl Bernacchi analemba mu 2003 a mmene tingayezere mpweya wolowa ndi kutuluka m'tsamba ndiwo amatsatiridwa ndi ophunzira ambiri ogwiritsa ntchito makina oyezera mpweyawu a kampani ya LI-COR. Kwa amene ali ndi LI-6400 kapena LI-6800, ndondomeko ya A/Ci, yoyeza mmene carbon dioxide wogwidwa ndi tsamba (A) amasinthira malinga ndi carbon dioxide wa mkati mwa tsamba (Ci), ndi iyi.

Yatsani makina aotche, onani ngati soda lime wochotsa carbon dioxide ndi mankhwala oumitsa mpweya akadali amphamvu. Sankhani tsamba laling'ono msinkhu koma lotambasuka mokwanira, lokhala padzuwa, ndipo pewani mtsempha waukulu wapakati chifukwa umasiya mpata pa labala la kabokosi kopanira tsamba. Ikani kuwala pa 1,500 mpaka 1,800 micromol, kutentha kwa tsamba kokhazikika, chinyontho cha 60 mpaka 70 peresenti, carbon dioxide pa 400. Dikirani mphindi 15 kapena 20 mpaka manambala akhazikike. Kenako tsikani 300, 200, 100, 50, bwererani pa 400 mudikire nambala yoyamba ija ibwerere, n'kukwera 600, 800, 1,000, 1,200, 1,500. Pa sitepe iliyonse mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo muzifananitsa zoyezera ziwiri za mpweya musanalembe. Mukajambula A molingana ndi Ci pa girafu, gawo lam'munsi la mzerewo limakupatsani mphamvu ya Rubisco, Vcmax, ndipo lam'mwamba limakupatsani Jmax, liwiro lalikulu limene tsamba limayendetsera ma electron ochokera ku kuwala.

Zolakwika zofala ndi izi. Mukachedwa pa 50 ppm, Rubisco imazima pang'ono ndipo manambala otsatira amatsika. Mukayambira kumwamba, tiboowo timatseka. Mpweya umadutsa pa labala mkati ndi kunja zikasiyana kwambiri, ndipo mpweya umene munthu amapumira kunja uli ndi carbon dioxide wa pafupifupi 40,000 ppm, ndiye musapumire pafupi ndi kabokosi, tembenukani. Tsamba likapanda kudzaza kabokosi, monga timasamba tating'ono ta chinangwa, yezani kukula kwake mukonze nambalayo, apo ayi zonse zalakwika. Yezani m'mawa. Masana akapita tiboowo timakhala titatseka ndi ludzu ndipo Ci imene makina akuwerengera siikhulupirika.

Pa NPQ, tsamba likhale mumdima mphindi 20 mpaka 30 kaye. Tsamba lathanzi limapereka Fv/Fm, muyezo wa thanzi la photosystem II, wa pafupifupi 0.83. Likatsika pansi pa 0.75, sankhani lina. Mukafupikitsa mdimawo Fm, kuwala kochuluka kwambiri kumene chlorophyll imabweza tsamba litakhala mumdima, imachepa, ndipo popeza NPQ ndi Fm kuchotsa Fm' (muyezo womwewo tsamba lili pa kuwala), kugawa ndi Fm', yankho lonse limatsika. Poyeza kuzima kwake musaphanitse kuwala kwamphamvu pafupipafupi, chifukwa kuphanimako kumayatsanso chitetezo chimene mukufuna kuona chikuzima.

aNabanda:
Zikomo aMbewe, izi n'zosunga. RIPE imanena kuti cholinga chake ndi alimi ang'onoang'ono a kum'mwera kwa Sahara ndi kum'mwera kwa Asia, ndipo mbewu zake ndi chinangwa, khobwe, soya, mpunga ndi chimanga. Zonsezi timalima kuno. Msewu wochoka ku Illinois kufika m'munda wa mlimi ndi wotalika bwanji?

aPhiri:
Ndi wotalika, ndipo umasiyana malinga ndi mbewu. Kwa soya ndi khobwe, mzere wosinthidwa wabwino ukapezeka, umakwatitsidwa ndi mtundu wa kwanuko, ana ake n'kubwezedwa kwa mtundu womwewo kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Akabwezedwa kasanu, pafupifupi 98 peresenti ya majini imakhala ya mtundu wa kwanuko. Kenako mayeso otchingidwa ndi mpanda pansi pa lamulo, ku Malawi lamulo lake ndi Biosafety Act ya mu 2002, kenako mayeso a m'madera osiyanasiyana, chilolezo, ndi kuchulukitsa mbewu. Khobwe wa Bt amene Nigeria inavomereza mu 2019 anayamba kuyesedwa m'minda yotchingidwa ya kumeneko pafupifupi zaka khumi m'mbuyo mwake, ndipo ameneyo ndi wa jini imodzi yophera mbozi, imene phindu lake limaoneka ndi maso.

Chinangwa ndiye chovuta. Timabzala mitengo yake, osati njere, ndipo ukachikwatitsa ana amatuluka osiyanasiyana, mtundu umene alimi amakonda n'kutayika. Ndiye majini ayenera kulowetsedwa mwachindunji mu mtundu uliwonse. Mtundu wosavuta kusintha mu labotale ndi 60444, wakale, umene alimi salima. Atayesa pa mitundu yabwino ngati TME 204, asayansi a ku Danforth Center ku America anapeza mu 2016 kuti chinangwa chikangodutsa m'njira yomeretsa kuchokera ku maselo, chimataya mphamvu yake yolimbana ndi matenda a mosaic, ngakhale osachiika jini iliyonse. Chinangwa chogwira dzuwa bwino koma chopiringizika masamba ndi mosaic palibe angachifune.

Komabe chinangwa n'chimene chimandipatsa chiyembekezo. Atachibzala mu FACE ku Illinois, zotsatira za mu 2012 zinaonetsa kuti kulemera kwa mizu youma kunawirikiza pafupifupi kawiri pa carbon dioxide wokwera. Mizu yake ndi nkhokwe yosadzaza msanga, shuga akachuluka amapeza kolowera. Mbewu za njere zimachepetsa photosynthesis nkhokwe ikadzaza.

Pa chimanga tinene mosabisa. Njira yosintha majini kuti mbewu ilambalale photorespiration siichikhudza, popeza ndi cha C4. Ndipo munda umene ukupereka matani awiri pa hekitala pamene mtundu womwewo ungapereke asanu ndi atatu, vuto lake ndi nayitrojeni, mvula, kaufiti ndi kubzala mochedwa. Photosynthesis yabwino imakweza denga, koma minda yambiri ili kutali ndi denga lomwe lilipo kale.

aMwale:
Tisaike zonse pamutu pa munthu mmodzi, mutu umodzi susenza denga. Njira yodutsitsa photorespiration ya mu 2019, imene inakweza fodya ndi pafupifupi 40 peresenti, inali ya a Paul South ndi a Donald Ort. Anaika mu chloroplast puloteni ya glycolate dehydrogenase yochokera ku ndere za Chlamydomonas ndi malate synthase yochokera ku dzungu, n'kutsekereza khomo la PLGG1 kuti glycolate asatuluke. Ntchito yoonjezera SBPase, puloteni ina yothandiza popanga shuga m'tsamba, ndi ya a Christine Raines a ku Essex, kuyambira 2005. Gawo la a Long linali kuwerengeratu pamene pali phindu, kusonkhanitsa magulu amenewa pansi pa RIPE, ndi kuumirira kuti chilichonse chituluke panja chikaone dzuwa ndi mvula.

Chizolowezi chimenechi anayamba nacho kale. Mu 1975, akuchita digiri yawo ku Leeds, anaonetsa kuti udzu wa Spartina wa m'madambo amchere a ku England ndi wa C4, pamene anthu ankaganiza kuti C4 ndi ya kumadera otentha okha. Zimenezo zinawafikitsa ku Miscanthus, udzu wa C4 wopirira kuzizira umene ku Illinois unapereka pafupifupi matani 30 ouma pa hekitala. Ndiwonso anayambitsa magazini ya Global Change Biology mu 1995.

Palinso njira yosafuna kusintha majini. Gulu lawo linayeza mitundu 41 ya soya n'kupeza kuti liwiro lozimitsa NPQ limasiyana mwachibadwa, ndipo mu mpunga, khobwe ndi chinangwa anapeza kusiyana pa liwiro limene tsamba limayambira kugwira ntchito likachoka mumthunzi. Kusiyana kotere kungasankhidwe ndi opanga mbewu a pa siteshoni iliyonse yofufuzira, popanda kudikira chilolezo cha biosafety.

aNaphiri:
Ndathokoza nonse, mafunso anga ayankhidwa. Katsala kamodzi. Mbewu yogwira carbon dioxide wambiri siimwanso madzi ambiri? M'madera a ng'amba zimenezi zingaphe phindu lonse.

aNyirenda:
Nkhawa yanu ndi yoona, aNaphiri, chifukwa khomo lolowera carbon dioxide ndi lomwelo lotulukira madzi. Mbewu ya C3 imataya mamolekyu a madzi mazanamazana pa molekyu imodzi ya carbon dioxide yogwidwa. Koma mu 2018 a Głowacka ndi gulu lomwelo anapeza chinthu chosayembekezeka. Ataonjezera PsbS yokha mu fodya, tiboowo ta pa tsamba sitinkatseguka kwambiri padzuwa, ndipo madzi otayika pa carbon dioxide aliyense wogwidwa anatsika ndi 25 peresenti m'munda, photosynthesis osatsika kwenikweni. Iwo anafotokoza kuti PsbS imasintha chizindikiro chochokera mu chloroplast chimene chimauza tiboowo kuti titseguke. Izi n'zotheka chifukwa carbon dioxide wakwera ndi theka kuyambira nthawi ya mafakitale, ndiye tsamba lingapeze wokwanira ndi khomo lotsegula pang'ono.

Choyenera kusamala ndi kutentha. Madzi otuluka m'tsamba ndiwo amaliziziritsa. Mu SoyFACE, pamene tiboowo tinatseka pang'ono chifukwa cha carbon dioxide wokwera, masamba ankatentha kuposa a m'munda woyandikana nawo masana. Ku Illinois zimenezi sizipweteka kwambiri. Kumalo ngati kuchigwa cha Shire, kumene mpweya umadutsa madigiri 38, tsamba lotentherapo limafika pamene Rubisco activase, puloteni yodzutsa Rubisco, imayamba kufooka, ndipo photorespiration imakwera. Ndiye mzere uliwonse wa PsbS ukamayesedwa kumadera otentha, pambali pa zokolola ndi chinyontho cha m'dothi pa masentimita 20, 40 ndi 60, aziyezanso kutentha kwa masamba ndi thermometer ya infrared pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko masana, atailozetsa mopendekera kuti isaone dothi.